Kumanga Khonde Lamatabwa Lokhala ndi Khitchini Yapanja Kuseri kwa Nyumba

Anthu ambiri amene amafuna khonde lamatabwa kuseri kwa nyumba amayamba ndi kugula matabwa, ndipo nkhani ya khitchini amati adzaiona khondelo likatha. Kutero n'kuyambira kumapeto, chifukwa khitchini ndi imene imabweretsa zinthu zitatu zosagwirizana ndi matabwa, zomwe ndi kulemera, moto ndi madzi. Malo amene mudzaike chowotchera nyama, sinki ndi kauntala ndi amene ayenera kukuuzani pokumba maziko, podutsa mapaipi ndiponso kutalikirana kwa mitanda. Malangizo otsatirawa akuyenda m'dongosolo limenelo, ndipo akunena za khonde lotsika kapena lokwera pang'ono. Khonde lofika pansanjika yapamwamba limafuna injiniya kuyambira pa pulani penipeni.

Yambani ndi pulani ya khitchini

Musanajambule chilichonse, pitani pamalopo pa nthawi imene mukuganiza kuti muzidzaphika, ndipo muone kumene mphepo imachokera kawirikawiri komanso kumene dzuwa limawomba madzulo. Chowotchera chikhale kumbali imene mphepo imalowera ikadutsa pokhala anthu, kuti utsi uzichoka pakhonde m'malo mobwerera m'maso mwa alendo kapena kulowa m'mawindo. Oona za ngozi za moto kawirikawiri amalangiza kuti chowotchera chitalikirane pafupifupi mamita atatu ndi khoma la nyumba, denga lotulukira kunja ndiponso nthambi za mitengo, ndipo kabuku kobwera ndi chowotcheracho kamatchula mtunda umene suyenera kuchepetsedwa. Komabe musaiike kutali kwambiri khitchiniyo, chifukwa mbale ndi zophikira zambiri zizichokerabe m'nyumba, ndipo mita iliyonse imene mwawonjezera ndi mita ya paipi ndi waya imene muyenera kuikumbira ngalande.

Kauntala yophikirapo imakhala yokwera pafupifupi masentimita 90 ndipo m'lifupi mwake imakhala masentimita 60 mpaka 75. Kumbali zonse ziwiri za chowotchera siyani poika mbale, masentimita 30 mbali imodzi ndi 60 mbali inayo ngati malo alola. Kutsogolo kwa kauntala kukhale mpata wosachepera mita imodzi, ndipo mita imodzi ndi masentimita 20 ndi bwino koposa ngati anthu azidutsa kumbuyo kwa wophika. Mukajambula papepala, khomani zikhomo pansi, kokani chingwe, n'kuikamo tebulo ndi mipando yeniyeni. Pamenepo ndi pamene mumazindikira kuti mpando umafuna pafupifupi masentimita 90 kumbuyo kwa tebulo kuti munthu athe kudzuka, ndipo khonde limene limaoneka lalikulu papepala limachepa.

Sankhani chimene chidzasenze khitchiniyo

Chosankha chachikulu pa ntchito yonseyi chili pano, ndipo ndi bwino kuchita masamu m'malo mongoyerekeza. Malamulo a zomangamanga otchedwa International Residential Code, amene amatsatidwa m'madera ambiri a ku United States, amafuna kuti khonde lamatabwa lizitha kusenza anthu ndi katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 195 pa sikweya mita imodzi, kuwonjezera pa kulemera kwa matabwa enieniwo. Tsopano tengani kauntala yotalika mamita atatu, ya masentimita 70 m'lifupi, yokhala ndi konkire ya masentimita 5 pamwamba. Popeza konkire imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400 pa kiyubiki mita, pamwambapo pokha pamakwana makilogalamu 250. Makoma a njerwa osenza kauntalayo, pamodzi ndi timakoma togawa makabati, amatha pafupifupi theka la kiyubiki mita, kutanthauza makilogalamu ena 900. Zonse pamodzi zikupitirira tani imodzi pamalo ongopitirira pang'ono masikweya mita awiri, zomwe ndi pafupifupi katatu kulemera kumene khonde wamba linakonzedwa kuti lisenze, ndipo simunawerengebe chowotchera, firiji ndi wophikayo. Kulemerako sikumwazika mofanana, kumatsikira m'mizere yopyapyala ya makoma, mwina pamtanda umodzi kapena iwiri yokha.

Njira imene ndimaiona kuti ndi yanzeru ndi yomangira khitchini silabu yakeyake ya konkire yokhala panthaka, kenako n'kumanga khonde lamatabwa moyandikana nayo kapena moizungulira. Silabu yochindikala masentimita 10 mpaka 15, yokhala ndi waya wa mesh mkati ndiponso yothiridwa pamiyala yotsenderedwa bwino, imathetsa vuto la kulemera ndi la moto pa nthawi imodzi. Ngati khonde likhale lokwera, mangani timakoma pa maziko ake, dzazanimo dothi ndi miyala mozitsendera pang'onopang'ono, n'kuthira silabu pamwamba kuti ifanane msinkhu ndi matabwa. Silabuyo ipitirire kutsogolo kwa chowotchera ndi masentimita osachepera 60, kuti khala la moto kapena mafuta otentha zikagwa zigwere pa konkire kapena pamatailosi. Pakati pa silabu ndi matabwa siyani mpata wa sentimita imodzi, chifukwa zinthu ziwirizi sizifufuma kapena kutsika mofanana.

Amene akufunitsitsa kuti khitchini ikhale pamatabwa aiwale za njerwa. Chimango cha makabati chikhale cha zitsulo zopepuka, chokutidwa ndi mabolodi a simenti, ndipo pansi pake mitanda ikhale iwiriiwiri, yoyandikana masentimita 30, ndi nsanamira zowonjezera zokhala ndi maziko awo. Apa pamafunika injiniya kuti atsimikizire masamuwo.

Chilolezo ndi zimene zili pansi pa nthaka

Funsani ku ofesi yoona za mapulani ya m'dera lanu musanagule chilichonse, chifukwa malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ngakhale mzinda ndi mzinda. Mwachitsanzo, ku England khonde lokwera kupitirira masentimita 30 kuchokera pansi limafuna chilolezo cha mapulani, pamene kwina amayang'ana kukula kwake kapena kuyandikira kwake kumalire a puloti. Ntchito ya gasi ndi ya magetsi m'mayiko ambiri imaloledwa kwa amisiri okhala ndi ziphaso okha. Fufuzaninso kumene kukudutsa mapaipi a madzi, a zonyansa ndi mawaya okwiriridwa, ndipo musatseke ndi matabwa chivundikiro cha ngalande ya zonyansa popanda kusiya kachitseko kofikira pamenepo.

Matabwa ndi zomangira

Chimango chonse cha khonde chikhale cha matabwa olowetsedwa mankhwala ndi makina kufakitale, osati ongopakidwa pamwamba ndi burashi. Ku South Africa, Australia ndi New Zealand matabwa otere amalembedwa mlingo wake: H3 ndi wa matabwa okhala panja koma osakhudza nthaka, pamene H4 ndi wa okhudza nthaka. Ku Ulaya magulu ofanana ndi amenewa ndi 3 ndi 4. Mankhwala akale otchedwa CCA ali ndi poizoni wa aseniki, ndipo ku United States anasiya kuwagwiritsa ntchito pa matabwa ambiri a pakhomo kumapeto kwa 2003, ngakhale kuti m'mayiko ena akugulitsidwabe. Pakhonde lokhala ndi khitchini mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri: zidutswa za matabwa amankhwala zisaponyedwe pamoto wophikira, chifukwa utsi ndi phulusa lake ndi poizoni, ndipo thabwa lotere lisakhale podulira chakudya. Paliponse pamene mwadula, pakani mankhwala otetezera kumapeto kwa thabwalo, popeza mkati mwenimweni mankhwala a kufakitale safikamo mokwanira.

Mankhwala atsopano monga ACQ ali ndi kopa wambiri, amene amadya msanga zitsulo wamba ndi aluminiyamu pakakhala chinyezi. Choncho misomali, masikuluwu, mabawuti ndi zitsulo zokolekera mitanda zikhale zoviikidwa mu zinki wotentha kapena za stainless steel. Pafupi ndi nyanja ya mchere mtundu wa 316 wa stainless steel umapirira kuposa wa 304. Ambiri amafuna kupulumutsa ndalama pa zomangira chifukwa sizioneka, koma khonde limagwa chifukwa cha polumikizira, kawirikawiri matabwa akadali abwino.

Pa matabwa oyala pamwamba mungasankhe paini wamankhwala, mitengo yolimba yosawola msanga, kapena matabwa opangidwa posakaniza utuchi ndi pulasitiki. Omalizawa safuna kupakidwa mafuta, koma amatentha kwambiri padzuwa ndipo khala la moto limawasungunula, zomwe ndi chifukwa china chosiyira konkire kutsogolo kwa chowotchera.

Kuyeza malo ndi kuthira maziko

Chotsani udzu ndi dothi lapamwamba pamalo onse, ndipo salazani nthaka kuti itsetsereke kuchoka kunyumba, madzi asamadikhe pansi pa khonde. Kokani zingwe zosonyeza m'mbali, kenako yesani makona ndi njira ya 3, 4, 5: kuchokera pakona yezani mamita atatu pa chingwe chimodzi ndi mamita anayi pa chinzake, ndipo mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ukakwana mamita asanu ndendende, kona ili bwino. Mukatero yezani mopingasa kuchokera kona ina kufika kona yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri, ndipo miyeso iwiriyo ifanane. Pofuna kufananitsa msinkhu pamalo otalikirana, paipi yoonekera mkati yodzazidwa madzi imagwira ntchito bwino kuposa levulo yaifupi.

Kukula kwa maziko kumadalira kulemera kumene nsanamira iliyonse isenze. Nsanamira imasenza gawo la khonde lofika theka la mtunda wopita ku nsanamira zoyandikana nayo. Ngati gawolo ndi masikweya mita anayi, ndipo mukuwerengera makilogalamu 240 pa sikweya mita pophatikiza anthu ndi matabwa, ndiye kuti nsanamirayo isenza pafupifupi tani imodzi. Malamulo a ku United States amene tatchula aja amati dothi wamba losayesedwa liwerengedwe kuti limasenza pafupifupi makilogalamu 7,300 pa sikweya mita, choncho maziko a masentimita 40 mbali zonse amakwanira tani imodziyo. Kumbani mpaka mutafika pa dothi lolimba losakumbidwapo, ndipo nthawi zambiri kumakhala masentimita 45 mpaka 60. Dothi la makande, limene limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma, limafuna kuti mupite pansi kwambiri. M'mayiko amene nthaka imaundana ndi chisanu, maziko ayenera kupitirira pamene kuundanako kumalekezera, apo ayi nthaka imakweza nsanamira chaka ndi chaka.

Sakanizani muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi itatu kapena inayi ya miyala, ndipo madzi akhale ochepa momwe mungathere, chifukwa konkire yamadzimadzi imasavutitsa pothira koma imatuluka yofooka. Konkire ikadali yaiwisi, lowetsanimo bawuti yogwira chitsulo chokhazikapo nsanamira. Chitsulo chimenechi chimakweza mtengo masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa konkire, kotero kuti kunsi kwake sikuyamwa madzi, ndipo njira za chiswe zikayamba kukwera mumaziona. Nsanamira yokwiriridwa m'konkire imawolera pamene yalowera, pamalo amene simungathe kuwaona. Thirirani konkire kwa masiku 7 kuti isaume msanga. Pa nthawiyo imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake, ndipo mphamvu yonse imawerengedwa pa masiku 28. Silabu ya khitchini ithiridwe pa nthawi yomweyi, mutaikiratu mapaipi ndi mawaya monga tafotokozera m'munsimu.

Mapaipi ndi mawaya alowe khonde lisanatsekedwe

Musanathire silabu ndiponso musanayale mtanda uliwonse, kumbani ngalande za paipi ya madzi, paipi yotulutsa madzi a m'sinki, waya wa magetsi ndi paipi ya gasi ngati gasi achokere kunyumba. Zonsezi zitulukire pa silabu pamalo enieni amene zasonyezedwa pa pulani, ndipo kukamwa kwake mutsekeko kuti musalowe konkire. Ikaninso paipi imodzi yopanda kanthu yokhala ndi chingwe mkati, yodzakokera waya wina m'tsogolo. Jambulani zithunzi ngalandezo zisanakwiriridwe, tepi yoyezera ikuoneka. Mukakwirira, yalani nsalu yotchinga udzu pansi pa khonde lonse n'kuthirapo miyala ing'onoing'ono.

Kumanga chimango

Khonde likhoza kumangiriridwa kunyumba kapena kuima palokha. Likamangiriridwa, mbali imodzi ya mitanda imakolekedwa pa thabwa lalikulu lomangidwa kukhoma, ndipo pamenepa ndi pamene makonde ambiri amene anagwapo anathothokera. Thabwalo limangidwe ndi mabawuti a mamilimita 12 olowa m'gawo la nyumba losenza katundu, osati ndi misomali, ndiponso osati pa njerwa zongokongoletsa kunja kwa khoma. Pamwamba pake ikani lata lopinda lolowa m'khoma, kuti madzi asamalowe pakati pa thabwa ndi nyumba. Pa nyumba ya njerwa, khonde lisakwere kupitirira pepala lotchinga chinyezi la m'khoma, lija amisiri amalitcha DPC, lomwe limayenera kukhala pafupifupi masentimita 15 pamwamba pa malo ofikapo madzi a mvula. Kwa khonde lotsika, ine ndimakonda loima palokha, lotalikirana ndi khoma sentimita imodzi kapena awiri. Limafuna mzere wina wa maziko pafupi ndi nyumba, koma simuboola khoma ndipo nkhani ya madzi olowa m'nyumba siikhalapo.

Nsanamira za mamilimita 100 mbali zonse zimakwanira khonde lotsika, ndipo za mamilimita 150 zimafunika likamakwera. Mitanda ikuluikulu ikhale pamwamba pa nsanamira kapena m'kamwa mosemedwa pa nsanamirayo, kuti kulemera kuzitsika kuchoka pamtengo kupita pamtengo. Mtanda wongomangidwa m'mbali mwa nsanamira umasiya katundu yense pa mabawuti. Pamitanda ikuluikuluyo pamayalidwa mitanda ing'onoing'ono, yotalikirana masentimita 40 kuyeza kuchokera pakati pa umodzi kufika pakati pa unzake, kapena masentimita 30 ngati matabwa apamwamba ayalidwe mopingasa. Kwa paini wabwino, mtanda wa mamilimita 50 kwa 150 umadutsa pafupifupi mamita awiri ndi theka popanda chochirikiza, ndipo wa 50 kwa 200 umadutsa pafupifupi mamita atatu ndi theka, koma tsimikizani pa matebulo a mtundu wa mtengo umene mwagula. Mtanda ukapitirira kunja kwa chochirikiza chake, gawo lolendewera lisapose gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda umene wadutsa.

Yang'anani mtanda uliwonse m'litali musanauike. Pafupifupi yonse imakhala yokhota pang'ono, ndipo nsana wokhotawo uyang'ane kumwamba kuti katundu auwongole. Lowetsani tizidutswa ta mitanda pakati pa mitandayo, chapakati pa mtunda, kuti isapindike, ndipo m'zitsulo zokolekera mukhome msomali m'bowo lililonse. Chimango chonse chitsetsereke sentimita imodzi pa mita iliyonse kuchoka kunyumba. Tepi yomata yotchinga madzi, yoikidwa pamwamba pa mtanda uliwonse, imateteza pamene masikuluwu aboola, ndipo pamenepo ndi pamene kuwola kumayambira. M'mbali mwa khonde musatseke kotheratu, chifukwa mphepo iyenera kudutsa pansi kuti matabwa aziuma.

Kuyala matabwa, masitepe ndi kampanda

Thabwa loyamba liwongoledwe ndi chingwe, chifukwa onse otsatira amatengera ilo. Pamtanda uliwonse mangani masikuluwu awiri, pafupifupi masentimita awiri kuchokera m'mphepete, ndipo kumapeto kwa thabwa yambani mwaboola kuti lisang'ambike. Sikuluwu italike kuwirikiza kawiri ndi theka kuchindikala kwa thabwa. Matabwa ouma asiyane mamilimita 5, koma amene abwera akadali onyowa ndi mankhwala ayandikane kwambiri, chifukwa akauma amachepa okha n'kusiya mpata. Matabwa osakaniza ndi pulasitiki amatalika kukatentha, choncho amafuna mpata kumapeto molingana ndi zimene wopanga walemba. Polumikizira matabwa pagwere pamtanda, ndipo pasakhale pa mzere umodzi m'matabwa oyandikana. Pamwamba pa polumikizira mapaipi siyani kachitseko kotsegula ndi sikuludiraiva.

Masitepe akhale okwera masentimita 15 mpaka 18 ndi popondapo pa masentimita 25 mpaka 28, ndipo chofunika koposa n'chakuti onse afanane, chifukwa munthu wonyamula mbale yotentha sayang'ana pansi. Malamulo a ku United States aja amafuna kampanda kotchinga khonde likakwera kupitirira masentimita 76, kampandako kakhale kosachepera masentimita 91, ndipo mipata yake isalole chinthu chozungulira cha masentimita 10 kudutsa, poteteza mutu wa mwana. Mizati ya kampanda imangidwe ndi mabawuti ku chimango, ndipo isasemedwe kunsi, chifukwa pamene mwasema ndi pamene imathyokera munthu akatsamira.

Kumanga khitchini

Pa silabu mangani makoma a njerwa kapena mabuloko, mutagula kale chowotchera, sinki ndi zitseko, kuti mipata imangidwe motsatira zinthu zenizenizo osati miyeso ya m'kabuku ka malonda. Chilichonse chozungulira moto chikhale chosayaka. Ngati pali thabwa lililonse m'chimango, chowotchera cholowa m'kauntala chimafuna chikuto chake chachitsulo chotchinga kutentha, chimene opanga ambiri amagulitsa padera. Pamene payaka makala kapena nkhuni pamafuna njerwa zopirira moto ndi dothi lake lomangira, chifukwa simenti wamba imang'ambika ikatenthedwa mobwerezabwereza.

Gasi wa m'masilinda amalemera kuposa mpweya: propane pafupifupi kamodzi ndi theka, butane pafupifupi kawiri. Akamatuluka pena pake sauluka, amatsika n'kuunjikana pansi pa kabati, ndipo kamoto kochepa kamakwanira kuphulitsa kabati yonse. Pachifukwa chimenechi kabati yosungamo silinda ikhale ndi mabowo olowetsa mphepo kunsi kwenikweni, kumbali ziwiri zosiyana, ndipo mabowowo asatulukire pansi pa khonde kapena pafupi ndi ngalande. Gasi wachilengedwe wobwera m'mapaipi a mumzinda ndi wopepuka kuposa mpweya, choncho mabowo ake amakhala kumwamba. Silinda iime chilili, italikirane ndi kutentha, ndipo m'kabati yake musakhale soketi. Mmisiri akamaliza kulumikiza, pakani madzi a sopo polumikizira ponse: thovu likamakula, gasi akutuluka. Musayese ndi machesi.

Ngati mukufuna denga pamwamba pa khitchini, m'mbali mukhale motsegula, ndipo denga likhale losayaka kapena likhale ndi chumuni chokokera utsi. Makala oyaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu ndipo umapha. Chozimitsira moto chipachikidwe pamene mungachifikire popanda kudutsa pamoto, ndipo aliyense wa pakhomo adziwe kuti mafuta oyaka sathiridwa madzi.

Pamwamba pa kauntala mungaike konkire, mwala wa granite, matailosi kapena stainless steel. Granite wa masentimita atatu amalemera pafupifupi makilogalamu 80 pa sikweya mita ndipo amapirira dzuwa ndi mvula, koma wakuda amatentha moti simungaikepo dzanja masana. Miyala yopangidwa ya quartz, yotchuka m'makhitchini a m'nyumba, ili ndi zomatira zimene zimasintha mtundu padzuwa, choncho siyenera panja. Kauntala itulukire kunja kwa khoma masentimita atatu, ikhale ndi kamzere kosemedwa kunsi kwa mlomo wake kuti madzi azidontha m'malo motsikira pa zitseko, ndipo ipendekeke pang'ono chabe kuti mvula isadikhepo.

Kulumikiza magetsi ndi madzi

Magetsi a panja ayenera kudutsa pa chipangizo chodula mphamvu chikazindikira kuti ina ikuthawira pansi. M'mayiko ambiri chimatchedwa RCD ndipo chimadula pa mamiliampu 30, pamene ku North America amagwiritsa ntchito GFCI, imene imadula pa mamiliampu pafupifupi 5. Masoketi ndi masuwichi akhale ndi chizindikiro cha IP, chimene nambala yake yoyamba imanena za fumbi ndipo yachiwiri za madzi. IP44 imakwanira pamalo otetezedwa ndi denga, ndipo IP65 kapena IP66 ndi ya pamtetete. Waya wokwiriridwa akhale wokutidwa ndi chitsulo kapena adutse m'paipi yake, ndipo pamwamba pake m'ngalande muyalidwe tepi yochenjeza. Nyale imodzi iunikire pachowotchera penipeni kuchokera kumbali, kuti mthunzi wa wophika usagwere pa chakudya. Firiji ikhale yopangidwira panja, italikirane ndi moto, ndipo isiyiridwe mpata wotulutsira kutentha kwake.

Paipi ya madzi ikhale ndi valavu yakeyake pamene yachokera kunyumba, kuti muzitha kutseka khitchini yokha. Pansi pa sinki ikani paipi yopinda yosunga madzi pang'ono, yotchinga fungo ndi tizilombo, ndipo paipi yotulutsa madzi itsetsereke pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse. Madzi a m'sinki amakhala ndi mafuta, choncho apite kungalande ya zonyansa kapena kudzenje lomwetsa madzi lololedwa ndi malamulo, osati pansi pa khonde, pamene angawoletse nsanamira n'kuitana makoswe. Mapaipi a pulasitiki amauma n'kusweka akakhalitsa padzuwa, choncho abisike. Kumene kumazizira mpaka madzi kuundana, ikani potulutsira madzi pamalo otsika kwambiri a paipi, kuti izikhala yopanda madzi nyengo yozizira.

Kupaka ndi kusamalira

Matabwa amankhwala sapakidwa akadali onyowa. Dontheziranipo madzi: akalowa m'thabwa, lauma mokwanira, koma akaima ngati timikanda, dikirani masabata ena. Mafuta olowa m'thabwa ndi abwino kuposa penti kapena vanishi wa m'nyumba, amene amapanga khungu pamwamba n'kuyamba kusupuka madzi akalowa kunsi kwake. Nsanza zimene mwapakira mafuta a linseed musaziunjike pamodzi, chifukwa mafutawo akamauma amatulutsa kutentha ndipo mulu wa nsanza ukhoza kuyaka wokha. Ziyanikeni motambasula panja kapena ziviikeni m'madzi m'chitini chotseka.

Matabwa akauma m'miyezi yoyambirira amachepa, choncho bwererani ku mabawuti onse n'kuwalimbitsanso. Kuyambira pamenepo, kamodzi pa chaka chotsani zinyalala m'mipata ya matabwa, tsukani ndere ndi mafuta ogwera pansi chifukwa zimaterera, ndipo bayani ndi sikuludiraiva kunsi kwa nsanamira, kumapeto kwa mitanda ndi pa thabwa lomangidwa kukhoma. Chitsulocho chikalowa mosavuta, mtengowo wawola ndipo usinthidwe. Yang'anani njira za chiswe pa maziko, dinani batani loyesera RCD kuti muone ngati ikudula, ndipo paipi yofewa ya gasi ikayamba ming'alu kapena ikapitirira zaka zimene wopanga ananena, isintheni, n'kuyesanso polumikizira ndi madzi a sopo musanayatse moto.